Phokoso la Makina a Mayi

"Apa palibe chowotcherera, chemwali," anatero mmisiri, akuyendetsa chikhadabo mu mng'alu umene unadutsa pakhosi pa makina osokera. "Chitsulo cha mtundu uwu chikathyoka ndiye kuti chathyoka. Ndikachilumikiza mokakamiza singano izilasa pambali, inu muzinditukwana tsiku ndi tsiku."

Kalumo anagwedeza mutu. Anali ndi funso koma linamuthawa lisanafike pakamwa. Chiikireni Mayi ake m'manda, mawu a anthu ankamufika ngati akuchokera m'chipinda china.

Dzina lakuti Kalumo anamupatsa ndi Mayi omwewo iye akadali kamtsikana, chifukwa sizasi inkamumvera. Iye ndiye ankadula, Mayi n'kumalumikiza. Ntchito ya Mayi inali imeneyo: kutola tinsalu totsala kwa matelala, malaya otha kolala, makatani ofwifwa ndi dzuwa, kuzidula m'tizigamba, n'kusoka zofunda zokhuthala, bulangeti lakale lili pakati. Ukwati wa Kalumo utatha, anabwerera pakhomo n'kukhalanso pampando wake wakale, sizasi ili kumanja, ndipo Mayi sanamufunse zambiri.

Makinawo anagwa tsiku limene Mayi anamwalira. Anthu ankatulutsa katundu kuti olira apeze pokhala, ndipo Achimwene, mlongo wake wamkulu wa Kalumo, ananyamula tebulo la makina mothandizana ndi bambo wa nyumba yoyandikana nayo. Sankadziwa kuti mutu wa makinawo unali wongokhazika, poti timahinjesi take tinatha kalekale. Pa sitepe ya pakhomo mutuwo unapendekeka n'kugwera pa simenti. Palibe amene anakalipira mnzake. Wina anangoukankhira kuseri kwa chitseko, olira n'kumalowa.

"Tebulo ndi chopondera zili bwinobwino," anatero mmisiri akupukuta manja pa buluku. "Mutuwu kagulitseni kwa ogula zitsulo. Pepani ndi zovutazi."

Mmisiri atachoka, Kalumo anapeza Bambo ake ali pampando wa pabalaza, atavala jekete ngati munthu wodikira basi. Tiyi amene anawapatsa m'mawa anali atazizira m'kapu, wosakhudzidwa.

Bambo anagwira ntchito yophika buledi usiku pafupifupi moyo wawo wonse. Ankafika kunyumba dzuwa litatuluka, malaya akununkhira ufa, n'kugona mpaka dzuwa litapendeka. Atapuma pantchito thupi linakana kuphunzira zatsopano. Usiku ankangotembenuka, tulo n'kumabwera masana monga kale. Koma Mayi atamwalira, ngakhale tulo ta masanato tinaleka kubwera. Ankalowa kuchipinda, n'kugona chagada, n'kutulukanso maso ali gwa. Dokotala anawapatsa timapiritsi, koma tinangowaledzeretsa mpaka anagwa m'bafa n'kudzicheka pachipumi. Nkhope yawo inali itayamba kulowa mkati.

"Mwagonako, Ababa?"

"Ndinatseka maso."

"Kutseka maso si kugona."

"Wandifunsa, ndakuuza zimene ndachita."

Nkhani yaikulu inakambidwa kukhitchini, chitseko chili chotseka. Achimwene ankagwira ntchito yowerengera chuma pa kampani ina mumzinda wakutali, ndipo tchuthi chawo chinali kutha. Analankhula akuyang'ana makiyi a galimoto amene ankawatembenuza patebulo.

"Ababa tipita nawo. Kwathu chipatala chili pafupi. Nyumba ino tiikemo munthu wa lendi, iwe ukakhale kaye ndi ife mpaka upeze pogwira."

"Mwawafunsa eni ake?"

"Ukuwaona mmene alili. Munthu wosagona umamufunsa chiyani?"

Alamu, akazi a Achimwene, ankapukuta mbale zimene zinali zouma kale. "Chipinda chilipo, mlamu," anatero mofatsa. "Chaching'ono, koma chilipo. Koma matumba a zigambawa ndiye kaya. Awa afuna lole yawoyawo."

Kalumo anayesa kuseka poti anadziwa kuti Alamu amafuna kupepuza zinthu, koma panangotuluka mpweya.

"Pali chofunda chimene Mayi sanamalize," anatero. "Cha pabedi pawo. Ndikufuna ndichimalize. Ndikatha chimenecho ndipitirize ntchitoyi. Ababa azikhala m'nyumba mwawo, ine ndiziwayang'anira."

"Uziwayang'anira akugwa m'bafa?"

Mpopi unkadontha mu sinki.

Achimwene anapukusa mutu, kenako mawu awo anatsika. "Makina ndikugulira, poti anagwa m'manja mwanga. Ndalama zimene zatsala pa maliro n'zochepa, iwenso ukudziwa. Tigule a magetsi, onyamulika, oti alowe m'galimoto. Koma ndimve bwino, Kalumo. Likafika tsiku lonyamuka Ababa asanagone tulo teniteni, tikupita nawo. Ine sindikufuna kulandiranso foni ina ndili kutali."

Sikuti Achimwene anali munthu wouma mtima. Foni yoyambayo, ya uthenga wa imfa ya Mayi, inawapeza ali pamzere ku banki, ndipo anayendetsa galimoto ulendo wonse osayimapo. Nkhani ya makina a magetsi nayonso inali ndi bala lake. Chaka chimene anakwezedwa pantchito anabwera nawo ena m'katoni, atsopano, chifukwa mawondo a Mayi anali atayamba kutupa ndi kupalasa. Mayi anawasisita, anathokoza kwambiri, kenako anapempha kuti akabwezedwe kusitolo. Anati bilu ya magetsi ikwera, ndiponso phazi lawo silizima ngati magetsi mvula ikamagwa. Achimwene anabweza katoniyo m'galimoto osanena kanthu, ndipo sanaitchulenso.

Kusitolo anapita atatu, chifukwa Bambo sakanatha kutsala okha ndipo Alamu ankalongedza. Sitoloyo inali yopapatiza, pakati pa yogulitsa nsapato ndi yogulitsa mankhwala. Munkanunkha mafuta a makina ndi nsalu zatsopano. Mwini wake anali bambo wonenepa, magalasi akulendewera pachifuwa ndi kachingwe. Anakhazika Bambo pabenchi, pafupi ndi mipukutu ya nsalu yotsamira khoma, n'kutembenukira kwa ana awo.

"Muzisoka chiyani? Ndiuzeni zimenezo kaye. Za m'thumba tikambirana ndikaona nkhope zanu."

Kalumo anamasula mtolo umene anabwera nawo n'kuyala chofunda cha Mayi pakauntala. Munali zigamba za madiresi a Mayi, za mayunifolomu a sukulu a ana onse awiri, ndi zoyera zambiri zodulidwa ku maepuloni akale a Bambo. Theka linali losokedwa kale. Theka linalo linali logwiridwa ndi mapini, m'mene Mayi analisiyira tsiku limene anapita kuchipatala.

"Eee," anatero mwini sitolo akukweza magalasi. "Uyu anali munthu wa manja. Ndani?"

"Mayi athu. Atisiya posachedwapa."

"Pepani. Pepani ndithu." Anasisita ngodya imodzi pamene zigamba zingapo zinakumana. "Ndiye inu simukufuna makina osokera mipango."

"Mayi ankati makina a zofunda umayamba kuwaona kukhwapa," anatero Kalumo.

"Kukhwapa?" anafunsa Achimwene.

Mwini sitolo anaseka n'kulowetsa dzanja mumpata wa pakati pa singano ndi thupi la makina ena amene anali pafupi. "Apa, bwana. Chofunda ukachipinda chiyenera kudutsa apa. Mpata ukachepa umalimbana nacho ngati ukuveka mwana juzi ya chaka chatha."

Anayamba ndi oyera, ang'ono, opepuka moti anawanyamula ndi dzanja limodzi. "Awa amasoka maluwa, amaboola malo a mabatani, changotsala n'kukuwiritsirani tiyi. Mtengo wake simulira nawo." Achimwene anawayang'ana mokondwa. Kalumo anapinda chofunda n'kuchikankhira m'khwapa mwake, koma chinathina, mapini n'kuyamba kukola. Atafika pa ngodya yokhuthala makinawo anabuula, singano n'kuima ili m'nsalu.

"Ndimafuna muone nokha," anatero mwini sitolo, osachita manyazi. "Mukanangomva kwa ine mukanati ndikukukokerani ku odula."

Achiwiri anali otuwa, olemererapo, khwapa lawo lokwanira. Mtengo wawo unali woti envelopu ya ndalama ya Achimwene itsale yopanda kanthu, koma unali wotheka. Kalumo anagunda kachopondera ka magetsi ndi chala cha phazi, chofunda n'kuyamba kuyenda chokha. Ngodya yokhuthala ija anaidutsa ngati palibepo. Msoko umene Mayi akanatha nawo nthawi, thukuta lili pamphuno, unatha iye asanapume kawiri. Bondo lake silinagwire ntchito iliyonse. Kwa nthawi yoyamba chichitikireni maliro, Kalumo anamva kanthu kena kofanana ndi kufuna.

"Awa ndi amenewa," anatero Achimwene, dzanja likulowa m'thumba la jekete. "Si choncho?"

"Akulira ngati udzudzu."

Onse anatembenuka. Anali Bambo, pabenchi paja, chipewa chili pabondo. Sanalankhule chilowereni m'sitolomo.

"Ndi a magetsi, Ababa. Amalira choncho," anatero Achimwene.

Bambo anakhala ngati sanamve. Ankayang'ana chofunda chija. "Mayi anu sankapuma," anatero. "Maoda sankatha. Ine ndikamagona, iwo ali pa makina kuseri kwa khoma. Ndikamadzuka ndiwapeza akadali pompo. Zaka zonsezi. Ndinkawauza kuti pumulaniko, anthuwa adzafundabe mawa."

Achimwene anati "Zoona, Ababa," mwa mawu amene munthu amayankhira wodwala. Koma Kalumo anakhala phee, manja ali pa chofunda. Iye ndiye ankadula zigamba, ndipo ankadziwa kuti maoda ankatha. Nyengo yotentha pankapita miyezi popanda munthu wofunsa chofunda. Komabe makina ankalira tsiku lililonse, nthawi yonse imene Bambo ankagona kuseri kwa khoma. Kangati kamene anawapeza Mayi akupalasa singano ilibe ulusi, pansi pake palibe nsalu, manja awo akusoka mpendero ndi singano ya pamanja kapena atagwira kapu ya tiyi? Ankawaseka. "Amayi, mukusoka mphepo?" Iwo ankayankha osakweza mutu, "Ndikuwongola bondo. Dula zako."

Pakona ya sitolo, kuseri kwa makatoni, panali makina akuda okhazikidwa pa tebulo lokhala ndi chopondera chachitsulo.

"Nanga awo?"

"Awo ndi a makedzana, ngakhale akupangidwabe," anatero mwini sitolo. "Msoko umodzi basi, wolunjika. Maluwa sawadziwa. Koma khwapa mukuliona, ndipo sadziwa kubuula. Ngati tebulo muli nalo kunyumba, mutu wokha ndi wotsika mtengo kuposa onsewa."

"Kalumo, usayambe," anatero Achimwene. "Mawondo a Mayi unawaona."

"Ndingoyesa, Achimwene."

Anavula nsapato monga ankachitira Mayi, anakankha gudumu ndi dzanja, mapazi n'kulandira. Poyamba gudumu linabwerera m'mbuyo ulusi n'kukola, chifukwa iye anali wa sizasi, makina ankawakhudza mwa apo ndi apo. Mwini sitolo anawongola ulusiwo. Kachiwiri zinayenda. Chopondera chinayamba kugwedezeka, lamba akuzungulira, singano ikuti kete kete kete, mosafulumira, ngati munthu woyenda ulendo umene akuudziwa. Anasoka mzere wautali wodutsa pa zigamba zoyera. Anatembenuza chofunda n'kuyamba wina. Ntchafu zinayamba kutentha.

Ali pakati pa mzerewo, mwini sitolo anamugwira paphewa pang'ono n'kuloza ndi chibwano. Mutu wa Bambo unali utatsamira mpukutu wa nsalu, pakamwa pali potseguka, chipewa chitagwera pansi.

Kalumo anaimitsa mapazi kuti aone bwino. Nthawi yomweyo maso a Bambo anatseguka.

"Mwamaliza kale, amayi a ana?"

Kenako anaona mashelefu, anaona mwini sitolo, anaona mwana wawo wamkazi. Anawerama n'kutola chipewa, n'kuchipukuta nthawi yaitali ngakhale chinalibe fumbi.

Achimwene anatsokomola. "Kutopa uko," ananong'ona. "Aliyense akhoza kusinza pabenchi."

"Mwina."

"Otuwawa ndi abwino, iwenso waona. Ndakuona nkhope. Ukufuna udzafike msinkhu wa Mayi ukukwawa?"

Kalumo anayang'ananso makina otuwa aja. Anali abwinodi, ndipo anadziwa kuti masiku ena adzawakumbukira bondo likamadzawawa.

"Ndikufuna akudawa."

"Tenga amene ukufuna," anatero Achimwene, atatopa. "Koma awa salowa m'galimoto ndi tebulo lawo, udziwiretu. Ndipo zimene tinapangana sizinasinthe."

Mwini sitolo anakulunga mutuwo m'katoni, n'kuponyamo lamba watsopano, kabotolo ka mafuta ndi timahinjesi tiwiri. "Timeneti mumange," anatero. "Ambiri amangokhazika, kenako amabwera kuno akulira." Achimwene analandira katoniyo ndi manja awiri n'kuikumbatira pachifuwa mpaka kukafika pagalimoto.

Mmisiri anachedwa kubwera, moti makinawo anamangidwa madzulo a tsiku lomaliza la tchuthi cha Achimwene. Kalumo anakankhira tebulo pamalo pake penipeni, kutsamira khoma la chipinda cha Bambo, pamene miyendo yake yachitsulo inakumba timaenje m'simenti. Kutacha, Alamu anali atalongedza kale chikwama cha Bambo n'kuchiika m'galimoto. Bambo anatuluka atavala jekete, maso ali ofiira monga masiku onse. Anamwa tiyi pang'ono.

"Tinyamuka ndikangothira madzi m'galimoto ndi kuona matayala," anatero Achimwene. "Kapumuleniko kaye, Ababa."

Bambo analowa kuchipinda osatsutsa. Bedi linalira atakhalapo.

Kalumo anakhala pa makina, anavula nsapato, n'kuyamba. Sankaganiza chilichonse. Ankangochotsa mapini limodzilimodzi singano ikamayandikira, n'kumawaponya m'kachitini ka Mayi. Panja ankamva boneti ikutsegulidwa, Alamu akufunsa za botolo la madzi, galu wa nyumba ina akuuwa. Mizere inkatha, iye n'kumatembenuza chofunda mofulumira kuti phokoso lisaduke nthawi yaitali. Dzuwa linasuntha kuchoka pazenera n'kufika pa matumba a zigamba. Pini lomaliza litalowa m'kachitini, anamva kuseri kwa khoma kupuma kwakuya, kokoka, kumene anakulira akukumva masana aliwonse a ubwana wake.

Msoko womaliza unatha. Chotsala chinali mpendero, umene Mayi ankausoka pamanja nthawi zonse. Kalumo anakweza kaphazi kopanira nsalu, anadula ulusi, anausolola m'singano, anakokera chofunda pamiyendo, mapazi n'kupitiriza kupalasa.

Achimwene analowa makiyi akulira m'manja. "Kalumo, nthawi yatha. Kawadzutse A—"

Anaima. Anayang'ana singano ikukwera ndi kutsika pamalo opanda nsalu.

"Mulibe ulusi," anatero, mawu atatsika okha.

"Ndikudziwa."

"Nanga ukusoka chiyani?"

"Mphepo."

Achimwene anaima pomwepo kanthawi. Nawonso anakulira m'nyumba yomweyo, ndipo kangapo akuweruka kusukulu anawapezapo Mayi ali choncho n'kuwaseka. Anatuluka mwakachetechete, anakasuzumira pa chitseko cha Bambo, anakhalitsako. Pobwerera makiyi anali atawafumbata kuti asalire.

"A magetsi aja," ananong'ona, "Mayi anandiuza kuti akuopa bilu."

Thukuta la Kalumo linali litatsika mpaka pachibwano, ndipo bondo lakumanja linali litayamba kunjenjemera.

Alamu anaonekera pakhomo atakoleka chikwama chawo paphewa. Achimwene anaika chala pamlomo, anapita kukawanong'oneza kanthu, Alamu n'kutembenuka. Patapita kanthawi Kalumo anamva buti ya galimoto ikutsegulidwa, kenako chikwama cholemera chikuikidwa pansi pabalaza mosamala.

Achimwene anabwerera, anakhala pa thumba la zigamba n'kumasula zingwe za nsapato zawo za kuofesi. Anaziika pambali moyandikana.

"Suntha," anatero. "Bondo lipumeko."

Anasinthana gudumu lisanaime. Pa chopondera panali malo awiri osalala, owala, pamene chitsulo chinadyeka ndi mapazi a Mayi. Mapazi a Achimwene anali aakulu, anaphimba malowo n'kutsalako. Poyamba anaphonya kayendedwe kake, kenako anakapeza.

Kalumo anakhala pampando wake wakale, anayala chofunda pamiyendo, analowetsa ulusi m'singano ya pamanja n'kuyamba mpendero. Kuseri kwa khoma Bambo anatembenuka kamodzi, bedi linalira, kupuma kuja n'kupitirira.